Mpira wa akaidi usangokhala wa nthabwala

Mafilimu a akaidi osewera mpira ndimawakonda ndithu. Mean Machine ya 2001 ija, ya Vinnie Jones ndi Jason Statham pa golo, imandiseketsa mpaka misozi. Koma akati apange ina yotsatira, ine ndikupempha kuti opanga mafilimu ayang'aneko ku Robben Island, ndende ya pachilumba ku South Africa ya nthawi ya ulamuliro wa tsankho.

Kumeneko, m'zaka za m'ma 1960, akaidi a ndale ankapempha mlungu ndi mlungu kuti awalole kusewera mpira. Ena ankalangidwa chifukwa chongopempha, koma sanaleke. Atawalola, sanangothamangitsana ndi chikopa ayi. Anakhazikitsa bungwe lawolawo, Makana Football Association, lokhala ndi matimu, ligi, oyimbira komanso komiti yoweruza milandu ya pabwalo, zonse motsatira buku la malamulo a FIFA. Madandaulo ankachita kulemba pa pepala, anthu amene masana onse anali akuphwanya miyala! Jacob Zuma, amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko la South Africa, anali mmodzi mwa oyimbira. Dikgang Moseneke, amene anatsekeredwa ali mnyamata, anatsogolerapo bungweli, ndipo patapita zaka anadzakhala wachiwiri kwa mkulu wa oweruza ku South Africa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Nelson Mandela. Iye ndi anzake a m'chigawo chapadera cha ndendeyo sankaloledwa kusewera nawo.

Mu 2007 FIFA inapatsa Makana umembala waulemu. Zoseketsa sizingasowe m'nkhani yotere, poti kukangana za penate kuliponso kundende, koma achinyamata athu adziwe kuti izi zinachitikadi.