Oscar, Bailey kapena Bird? Mkangano wa basketball ya ku sekondale kuno ku Indiana

Kuno ku Indiana, ku America, basketball ya ana a sekondale ili ngati Bullets ndi Wanderers kwathu, Lachisanu usiku nthawi yozizira tauni yonse imathera mu jimu ya pasukulu, agogo ndi makanda omwe. Ndiye sabata yatha pa buleki ku ntchito madala awiri obadwira konkuno anayambana zoti mwana amene anamenya mpira kuposa onse m'mbiri ya state ino ndi ndani, ine ndili phee ndi khofi wanga, mpaka ndinalowererapo chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuitsata zaka ndithu.

Mdala woyamba anangoti Larry Bird basi. Apa nde ndinakana. Bird ndi dolo, palibe angatsutse, koma udolo wakewo unadzaoneka bwinobwino ku yunivesite ya Indiana State ndi ku Boston Celtics. Ali ku Springs Valley ku French Lick sanatenge chikho cha state, ngakhale ulemu wa Mr. Basketball (wa wosewera wopambana onse mu state pa chaka) wa 1974 sunapite kwa iye. Funso ndi la ku sekondale, za NBA tisazilowetsepo.

Winayo anali pa Damon Bailey, ndipo mfundo zake ndi zolemera ndithu. Mapointi 3,134 pa zaka zinayi ku Bedford North Lawrence, rekodi ya anyamata imeneyo. Kochi Bob Knight wa yunivesite ya Indiana anachita kupita kukamuonera mwanayu asanalowe nkomwe high school, tangoganizani katundu amene anasenza pamutu. Nde mu 1990 pa fainolo mu Hoosier Dome anthu opitilira 41,000 anadzaza kudzaonera ana a sukulu, Concord ya ku Elkhart ikutsogola gemu ikupita kumapeto, Bailey nkugoletsa mapointi 11 omaliza a timu yake yekha, gemu kutha 63-60. Mdalayo akuti analipo tsikulo, ndipo pofotokoza anaimilira nkukweza dzanja ngati akuponya yekha, maso ali ngwee. Ndinamumvetsa.

George McGinnis wa 1969, Rick Mount wa ku Lebanon, Glenn Robinson wa ku Gary, Greg Oden ndi zikho zake zitatu zotsatizana ku Lawrence North, onsewa anatchulidwa koma sanachedwetse.

Ine wanga ndi Oscar Robertson ndipo sindisintha. Sukulu yake, Crispus Attucks ya ku Indianapolis, anaitsegula mu 1927 kuti ana akuda asamaphunzire limodzi ndi azungu, ndipo mpaka 1942 sinkaloledwa nkomwe kulowa mumpikisano wa state. Jimu yawo inali yaing'ono moti magemu ambiri ankasewera kwa eni ake, pamaso pa masapota ndi maleferi osawafunira zabwino, nde kochi wawo Ray Crowe ankawaphunzitsa kuti atsogole ndi mapointi ambiri msangamsanga kuti wa wezulo asakhale ndi chonena. Mu 1954 Oscar adakali wamng'ono anagonja kwa Milan, kasukulu ka ana 161 kamene kanadzatenga chikho chaka chimenecho. Mu 1955 anabwera mokwiya, anaswa Gary Roosevelt 97-74 pa fainolo. Mu 1956 sanagonje gemu ngakhale imodzi, 31-0, ndipo pa fainolo ndi Lafayette Jefferson iye yekha anaponya 39. Ndipo kumbukirani nthawi imeneyo kunalibe zogawa masukulu m'magulu potengera kukula kwake, wamkulu ndi wamng'ono onse chikho chimodzi, zogawazi zinabwera itatha sizoni ya 1997, nchifukwa chake zikho za Oden ine sindiziika pa sikelo imodzi ndi za Oscar.

Koma chimene chimandiwawa mtima ndi cha usiku wa 1955 uja. Mzinda wa Indianapolis unali usanatengepo chikhochi, anawa nde anachibweretsa. Anawakweza pa galimoto ya ozimitsa moto, kuwazungulitsa pa Monument Circle, kenako nkuwapititsa ku Northwestern Park kudera la anthu akuda kuti akasangalalire kumeneko, osati pakati pa tauni. Oscar mpaka atakalamba amaikambabe nkhaniyi mowawidwa.

Nditafotokoza zimenezi mdala wa Bailey uja anakhala kaye chete, kenako anati bambo ake omwe ankanena kuti sanaonenso wina wofanana ndi Oscar. Koma voti yake sanasinthe, akuti iye amavotera amene anamuona ndi maso ake. Belu linalira tikadali pomwepo, tagwirizana kuti Lachisanu tikaonera limodzi gemu ku Elkhart.