Zimene ndatolapo pophunzira za zolinga zolimbitsa thupi

Mabuku a sayansi ya masewera olimbitsa thupi amatsutsana pa zambiri, koma mfundo imodzi imangobwerabwera: thupi limasintha mochedwa, pomwe manambala amene timaliyezera amadumphadumpha tsiku ndi tsiku. Sikelo ikhoza kukwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa Lolemba ndi Lachiwiri, chonsecho mafuta amene munthu angachotse m'sabata yathunthu popanda kudzipha ndi njala ndi theka la kilogalamu, akachuluka imodzi. Woweruza khama lake ndi nambala ya m'mawa uliwonse amangowerenga madzi, mchere ndi chakudya chimene chikadali m'mimba, kenako n'kugwa ulesi pa ntchito imene inkayenda bwinobwino.

Ineyo ndikuona kuti vuto limayambira pa kalembedwe ka cholingacho. "Nditsike ndi makilogalamu 8" ndi cholinga cha zotsatira, ndipo tulo, msinkhu, mankhwala ndi chibadwa zonse zili ndi mbali yake pamenepo. "Ndiyende ndawala mphindi 30 Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka" ndi cholinga cha zochita. Sabata ikatha, yankho lake ndi inde kapena ayi basi. Zonse ziwiri zimafunika, koma cha zochita chimalembedwa tsiku lililonse, cha zotsatira chimangosuzumiridwa kamodzi pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi.

Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera ofulumizitsa mtima mphindi 150 mpaka 300 pa sabata mwa mphamvu yapakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 mwamphamvu kwambiri, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu ikuluikulu. A zaka 65 kupita m'tsogolo amawonjezera masiku atatu a masewera owathandiza kuti asamadzandire n'kugwa. Manambalawa ndi kofikira. Poyambira penipeni pamapezeka polemba zimene mumachita kale kwa sabata imodzi, osasintha kalikonse. Zikatuluka mphindi 40, cholinga cha mwezi woyamba chikhale 60 kapena 70, ndipo 150 ija idzabwera pa mwezi wachitatu kapena wachinayi.

Kuti mudziwe mphamvu imene mukuchitira, pakamwa panu pakwanira. Ngati mukutha kulankhula ziganizo zathunthu koma kuimba kukukanika, muli pakatikati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma kaye, mwalowa mwamphamvu. Mawotchi ambiri oyeza mtima amapeza malire apamwamba a kugunda kwa mtima pa mphindi pochotsa zaka zanu pa 220. Mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anapereka njira ina: chulukitsani zaka zanu ndi 0.7, zotulukazo muchotse pa 208. Kwa munthu wa zaka 60 yoyamba imapereka 160, yachiwiri 166. Zonsezi ndi avereji ya gulu, ndipo munthu mmodzi akhoza kusiyana nazo ndi kugunda 10 pa mphindi kapena kuposa. Omwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amachedwetsa mtima asadalire manambalawa n'komwe.

Miyeso ya poyambira ikhale itatu kapena inayi yokha. Kugunda kwa mtima muwerenge mutangodzuka, musanatsike pabedi, kwa masekondi 60, masiku atatu otsatizana, n'kutenga avereji. Kwa akuluakulu ambiri kumakhala pakati pa 60 ndi 100, ndipo kumatsika mtima ukamalimba. Mpweya mungauyeze ndi mtunda umene mwathamanga m'mphindi 12, muyeso umene Kenneth Cooper anaufalitsa mu 1968 atauyesa pa asilikali a ndege a ku America; wongoyamba kumene angoyenda kilomita imodzi n'kulemba nthawi yake. Mphamvu muyeze ndi mapushapu, kapena kangati mukudzuka pampando osagwira kanthu m'masekondi 30. Kawirikawiri chimene chimaononga miyeso imeneyi ndi kusintha kayezedwe: ulendo woyamba panjira yathyathyathya m'mawa kukuzizira, wachiwiri pachitunda masana dzuwa likuswa mtengo, kapena mapushapu oyamba ofika pansi, achiwiri othera m'malere. Zikatero manambala awiriwo sangayerekezedwe.

Mbali imene ndakhalapo nthawi yaitali ndi yakuti ziwalo sizilimba pamodzi. M'masabata oyambirira onyamula zitsulo mphamvu imakwera mofulumira, koma minofu imakhala isanakule kwenikweni. Ubongo ndi mitsempha ndi zimene zikuphunzira kuitana minofu yambiri nthawi imodzi. Kukula kooneka ndi maso kumayamba patatha miyezi iwiri kapena itatu. Apa anthu amalakwa kawiri. Ena amayang'ana pagalasi sabata yachitatu, n'kunena kuti palibe chikuchitika. Ena amatenga liwiro la mwezi woyamba ngati lamuyaya, ndiye likachepa amayesa kuti abwerera m'mbuyo, pomwe ndi mmene thupi limachitira kwa aliyense.

Wothamanga naye ali ndi msampha wake. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kusiyana ndi mafupa ndi minyewa yolumikiza minofu ku mafupa, chifukwa minyewa imalandira magazi ochepa ndipo imadzikonza mochedwa. Pa sabata yachisanu mpweya umakhala ukulola kuwirikiza mtunda, koma misongolo, mawondo ndi chidendene zisanakonzeke. Pali lamulo lotchuka loti musawonjezere mtunda kuposa maperesenti 10 pa sabata. Kafukufuku wa mu 2008 pa othamanga ongoyamba ku Groningen, m'dziko la Netherlands, sanapeze kusiyana kwa kuvulala pakati pa otsata lamuloli ndi otsata ndondomeko yachangu pang'ono, choncho nambalayo si yopatulika. Chothandiza n'kuwonjezera chinthu chimodzi pa nthawi, masiku kapena mphindi kapena liwiro, osati zonse sabata imodzi. Kuphwanya kwa minofu kumene kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72 mutachita zachilendo n'kwabwinobwino, kumatha kokha. Ululu wobaya pamalo amodzi, wa mbali imodzi yokha, wokulirakulira mukamapitiriza kapena wokutsimphinitsani, umenewo ukabwera imani.

Pa zitsulo njira yosavuta kulondola ndi iyi: sankhani kulemera kumene mungakweze maulendo 8 mosapotoza msana, khalani pomwepo mpaka mutamafika 12 m'zigawo zonse (chigawo ndi maulendo amene mumakweza motsatizana musanapume) masiku awiri otsatizana ochitira, kenako wonjezerani pang'ono, maperesenti 2 mpaka 10, n'kubwereranso pa 8. Cholinga cha tsikulo chimangochokera m'kope lolembamo zimene mwachita: mlungu watha 9, lero 10.

Masamu a kuchepetsa thupi amaziziritsa nkhongono, koma ndi bwino kuwadziwa musanalembe nambala. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyeso wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700. Munthu wa makilogalamu 70 akayenda ndawala mphindi 30 amawotcha pafupifupi 150. Ndiye kuyenda kokha, kadyedwe osasintha, pafunika maulendo oposa 50 kuti kilogalamu imodzi ichoke. Kutsika kwakukulu kwa sabata yoyamba munthu akachepetsa kudya nthawi zambiri ndi madzi, chifukwa galamu iliyonse ya shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu. Mukafuna kugwiritsa ntchito sikelo, dziyezeni m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye, masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, ndipo yerekezani avereji ya sabata ino ndi ya sabata yatha. Amayi amene amasamba ayerekeze masiku ofanana a mwezi uno ndi watha, popeza thupi limasunga madzi nthawi ikayandikira. Tepi nayo imathandiza: yezani mozungulira mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi pamwamba pa fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya osakoka mimba. Muyesowo ukhale wochepera theka la kutalika kwanu. Wamtali masentimita 170 akhale pansi pa 85.

Za cholinga chotchuka choyenda masitepe 10,000 patsiku sindichedwapo. Nambalayi inatchuka ndi kachipangizo kowerengera masitepe kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1965. Kafukufuku wa I-Min Lee wa mu 2019 pa amayi achikulire anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira mochepa kusiyana ndi a 2,700, ndipo phindulo linkakwera mpaka cha pa 7,500. Woyenda 3,000 lero akwere pa 4,000 kaye.

Kope la tsiku ndi tsiku lisachuluke zolemba, apo ayi limasiyidwa lisanathe mwezi. Tsiku, chimene mwachita, mphindi kapena kulemera ndi maulendo, kuvuta kwake pa muyeso wa 1 mpaka 10, ndi maola amene munagona. Nambala ya kuvuta ndi imene imaulula zambiri: mtunda womwewo umene unali 7 mwezi watha ukakhala 5, thupi lalimba ngakhale sikelo isanasunthe. Ukakwera kufika 8 masiku angapo, kugunda kwa m'mawa nakonso kutakwera, ndiye kuti kupuma kwachepa kapena matenda akubwera.

Katswiri wa maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti cholinga cholembedwa ndi nthawi ndi malo ake, monga "ndikangoweruka Lachitatu ndiyenda mphindi 30", chimachitika kawirikawiri kuposa chongoti "ndiziyenda". Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni. Choncho pambali pa cholinga chilichonse lembanipo chaching'ono cha tsiku lothina, mwachitsanzo mphindi 10 m'malo mwa 30. Pakatha masabata anayi werengani masiku amene munakonza ndi amene munachitadi. Mukakwanitsa 10 kapena kuposa pa 12, wonjezerani. Mukapezeka pa 6, cholingacho chinakula kuposa nthawi imene muli nayo. Chotsani tsiku limodzi kapena chepetsani mphindi, muyezenso patatha mwezi. Ululu wa pachifuwa, chizungulire, kapena befu wosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita sizidikira mwezi kuti uthe: imani pomwepo, mukaonane ndi dokotala musanayambirenso.