Mmene ndinakonzera mipando ya boti langa imene galu anaboola ndi zikhadabo

Boti langa ndi la faiba, lotalika mamita 6, ndipo limakhala ku Senga Bay m'boma la Salima, kumene ndimatengera abale ndi alendo pa nyanja kukazungulira chilumba cha Namalenje. Lili ndi benchi yaitali kumbuyo, mipando iwiri m'mbali ndi khushoni imodzi kutsogolo, zonsezo zokutidwa ndi nsalu yapulasitiki yooneka ngati chikopa imene m'masitolo amaitchula kuti vinyl. Galu wathu wachikuda, amene anakulira m'mphepete mwa nyanja momwemo, sasiyidwa pamtunda injini ikalira, ndipo kwa zaka zingapo ndinkamulola kudumphira pampando uliwonse umene wafuna.

Vuto ndinalizindikira kumapeto kwa dzinja, pamene mlendo wina anadzuka pabenchi thalauza lake litanyowa, chonsecho mvula inali isanagwe kwa sabata yathunthu. Nditadinikiza benchiyo ndi chikhatho, madzi akuda anatuluka m'timabowo tating'onoting'ono timene ndinali ndisanationepo, ndipo timabowoto tinali titandandalika m'magulumagulu, monga mmene phazi la galu limaterera akalumpha kuchokera pamchenga.

Choyamba ndinamasula mipando yonse n'kuitembenuza pansi pa mtengo, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asapite kukafunsa mtengo wa ntchito asanachite zimenezi, chifukwa chimene chimadya ndalama chimakhala chobisika mkati. Timawaya ta staple timene tinagwira nsalu tinali titadyeka ndi dzimbiri, thabwa la pulayiwudi la benchi linkafumbutuka ndi chala m'mbali mwake, ndipo siponji inali italemera ndi madzi, itachita chuku, ikununkha. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho ambiri timaganiza kuti zitsulo sizingachite dzimbiri msanga, koma siponji ya mipando ya m'nyumba imamwa madzi n'kuwasunga kwa miyezi, ndipo chinyezi chimenecho chimakwana kuwononga thabwa ndi waya womwe. Kabowo ka chikhadabo kamene sikangalowe ngakhale mutu wa machesi ndiko kanawononga benchi yonse.

Mmisiri ndinamupeza m'tauni ya Salima, bambo wachikulire amene amasoka mipando ya maminibasi ndi masofa. Ndinasankha iyeyo chifukwa ali ndi makina aakulu osokera zinthu zokhuthala, amene amakoka nsalu pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, pakuti makina a telala wa zovala amakwinyitsa vinyl ndipo amalumpha misoko. Atayang'ana mipandoyo anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi mukufuna ndingovundikira pamwamba kuti mupulumutse ndalama, kapena tiyambire pathabwa?" Ndinayankha kuti, "Bambo, tiyambire pathabwa, koma mundilole ndikagule ndekha zipangizo, inu mundilembere miyeso." Anavomera mosavuta, ndipo anandiuza mosabisa kuti nsalu imene amasunga pashopu ndi ya m'galimoto, yosapirira dzuwa la pa nyanja.

Kuyeza kunatitengera m'mawa wonse. Vinyl yambiri imabwera yotambalala masentimita pafupifupi 137, motero tinajambula zidutswa zonse papepala kuti tione mmene zingakwanirane m'kutambalala kumeneko, kenaka pachidutswa chilichonse tinawonjezera masentimita angapo a msoko ndi okokera kunsi kwa thabwa. Tinapeza kuti pakufunika mamita 8, koma ndinagula 9, ndipo mita yotsalayo ndaisunga m'nyumba kuti mpando umodzi ukadzang'ambika ndisadzavutike kufunafuna mtundu wofanana.

Pa nkhani ya mtengo, zinthu zinayi ndizo zinapanga ndalama yonse, ndipo sizinalemere mofanana. Vinyl ya m'maboti, imene imakhala ndi mankhwala oteteza ku dzuwa ndi chuku, ndiyo inatenga gawo lalikulu, ndipo pa mita imodzi ndinalipira kuposa kawiri mtengo wa nsalu wamba ya mipando. Inatsatira ndi siponji, kenaka malipiro a mmisiri, ndipo pomaliza thabwa, ulusi, timawaya ndi ulendo wa ku Lilongwe, umene ndi wa makilomita opitirira 100 kuchokera kunyanja. Zipangizo zambiri zotere zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, choncho mtengo wake umayenda ndi ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wogulitsa wakuuzani lero sungadaliridwe mwezi wamawa. N'chifukwa chake ndinagula zonse ulendo umodzi, ndipo mmisiri ndinapangana naye mtengo wa ntchito ya manja yokha, theka poyamba ndi theka pomaliza.

Siponji inandiganizitsa kwambiri kuposa china chilichonse. Pali ya mabowo akuluakulu imene madzi amangodutsa osakhalitsa, pali yolimba yosalowa madzi konse imene imayandama koma imaumiza pokhala, ndiye pali wamba ya masofa. Ya mabowo akuluakulu ndi yodula ndipo sipezeka paliponse, motero ndinaigulira benchi yakumbuyo yokha, kumene mafunde amathira madzi nthawi ya mwera ndiponso kumene galu amakonda kutera. Mipando ya m'mbali tinaika siponji wamba yolimba bwino, titaikulunga m'pepala lapulasitiki lopyapyala, ndipo kutsogolo tinaika yosalowa madzi ija. Sindinong'oneza bondo kuti ndinasakaniza chonchi, chifukwa kuika yodula paliponse kukanakweza mtengo popanda phindu lenileni.

Ulusi ndinagula wa polyester wopirira dzuwa, pakuti wa thonje umaola ndipo wa nayiloni umafooka ukamawombedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku, mwakuti mpando umatha kuphwasuka m'misoko nsalu ikadali yabwinobwino. Timawaya ndinaumirira ta chitsulo chosachita dzimbiri, ngakhale kuti ndinayenda masitolo angapo ndisanatipeze. Thabwa latsopano tinalipaka vanishi katatu, makamaka m'mbali modulidwa mmene madzi amalowera, ndipo tinaboola mabowo kunsi kuti madzi ndi mpweya zizituluka.

Tsiku lokuta mipando ndinakhala pashopu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osati chifukwa chokayikira mmisiri, koma chifukwa panali zinthu zokhudza galu zimene ndinafuna tigwirizane tikuona. Tinachepetsa misoko pamwamba pa mpando, chifukwa bowo lililonse la singano ndi khomo la madzi, ndipo sitinaikenso kamzere kokongoletsa m'mphepete kamene kale kankasunga mchenga ndi ubweya. Ndinasankha mtundu wotuwa pang'ono wokhala ndi timizere tokhakhala, popeza woyera mbee umaonetsa phazi lililonse, wakuda umatentha osakhalika m'mwezi wa Okutobala, ndipo wosalala umaonetsa zokanda. Bambo aja ankayamba ayanika vinyl padzuwa kuti ifewe, n'kumaikoka kuchokera pakati kupita m'makona mpaka makwinya onse atatha. Anandichenjeza kuti, "Achimwene, tikakoka mopitirira muyeso, chikhadabo chikangogunda pamang'ambika ngati ng'oma," ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

Mipando itabwerera m'boti, ntchito inatsalira kwa ine ndi galu. Ndinazindikira mochedwa kuti galu woyenda pamchenga zikhadabo zake sizipereseka monga za galu woyenda pamiyala kapena pamsewu, choncho zimakula n'kusongoka. Tsopano ndimaziwenga milungu itatu iliyonse, pang'onopang'ono chifukwa mkati mwa chikhadabo muli mtsempha wa magazi umene suoneka chikhadabo chikakhala chakuda, kenaka ndimasalaza nsonga ndi fayilo, osaiwala kachikhadabo kam'mwamba ka mwendo wakutsogolo. Ndinamusokeranso malo akeake pansi m'botimo pafupi ndi chiwongolero, chinsalu cha lona chopindidwa kawiri chokhala ndi mphira kunsi kuti chisaterereke, chifukwa galu amakanda kwambiri pamene akuterereka ndipo akufuna pogwira. Kumuphunzitsa kunatenga maulendo ochuluka ndithu: ndinkamukweza ndekha m'malo momulola kulumpha, n'kumupatsa kausipa akagona pamalo pakepo. Pabenchi ndimayalabe thaulo lokhuthala, pakuti mafunde akakula galuyo amathawira pafupi ndi ine, ndipo sindingamukalipire chifukwa cha mantha.

Tikangofika pamtunda ndimatsuka mchenga ndi madzi oyera ndisanapukute, chifukwa kupukuta mchenga wouma kuli ngati kukwecha mpando ndi sandipepa. Kamodzi pa sabata ndimasambitsa mipando ndi madzi ofunda, sopo pang'ono wotsukira mbale ndi burashi yofewa, n'kutsukuluza bwino. Mankhwala a kolorini oyeretsera zovala, petulo ndi thina wosungunulira penti sindiyandikitsa, chifukwa zimaumitsa vinyl ndi kudya ulusi, ndipo mafuta odzola oteteza ku dzuwa amene alendo amasiya pampando ndimapukuta tsiku lomwelo asanalowerere. Boti ndimalivundikira mipando itauma, ndipo ndimasiya mpata kutsogolo ndi kumbuyo kuti mphepo izidutsa, pakuti kufunditsa mpando wonyowa m'nyengo ya mvula ndiko kuitana chuku.

Loweruka lililonse ndimayendetsa chikhatho pabenchi yonse ndikudinikiza, monga ndinachitira tsiku loyamba lija. Mwezi wathawu ndinapeza kabowo kamodzi pakona yakumanzere, ndipo ndinadula kachigamba pa mita yosungidwa ija, n'kukamata ndi guluu wa vinyl madzulo omwewo mvula isanabwere.