Thirakitala yakhala pansi pa mtengo zaka zisanu: musathamangire batire

M'ma esiteti akale a fodya kuno ku Kasungu muli mathirakitala ambiri ongokhala, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka pa chiwongolero. Ena mwa iwo ndi Massey Ferguson 135, yomwe inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ya injini ya dizilo ya Perkins AD3.152 ya masilinda atatu. Injini imeneyi ndi yolimba, ndipo zambiri zimadzuka. Chimene chimazipha ndi phuma la tsiku loyamba: munthu wabwereka batire, walumikiza, wapotokola kiyi, basi injini yanoka isanalire n'komwe.

Yambani ndi kuyang'ana ekizozi. Paipi yake imaloza kumwamba, ndiye ngati sinavundikiridwe ndi chitini, mvula yonse ya Novembala mpaka Epulo yakhala ikulowa m'menemo. Silinda imene valavu yake inali yotsegula ndi imene yamwa madziwo. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Pisitoni ikawagunda ndi mphamvu ya sitata, chimapindika ndi konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kilankishafuti. N'chifukwa chake kukoka thirakitala yotere ndi inzake kuti ilirire m'giya n'koipa kuposa batire.

Kenako masulani pang'ono bawuti ya pansi pa sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), osaichotsa yonse. Madzi amalemera kuposa oyilo, choncho ngati alimo ndi amene ayambe kudontha. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti madzi anasakanikirana naye injini ikadayenda, ndipo mukayikire gasiketi ya hedi.

Tsopano zulani mainjekita onse atatu, mutatsuka kaye fumbi lozungulira kuti lisagwere mkati. Pabowo lililonse thirani dizilo wosakaniza theka ndi theka ndi oyilo wofiira wa ATF (wa magiyabokosi a otomatiki), masupuni akulu atatu kapena anayi, n'kutseka ndi kansanza koyera. Zisiyeni masiku atatu, ngakhale sabata. Apa m'pamene ambiri amalephera kupirira. Mankhwalawa amayenera kutsika pang'onopang'ono m'mbali mwa pisitoni kuti afewetse dzimbiri lomwe lagwira maringi a pisitoniyo. Ngati m'silinda imodzi mankhwalawo akungokhala osatsika pomwe m'zinazo aphwa, dziwani kuti yogwira ndi imeneyo.

Musanayese kutembenuza, tsegulani chivundikiro cha mavalavu. Gogodani valavu iliyonse mopepuka ndi kamtengo, muone ngati ikutsika n'kubwerera yokha. Valavu yokakamira ikhoza kupindika kapena kuwononga zida zoikankha pa kuzungulira koyamba. Zonse zikamasuka, ikani giya pa nyutulo, gwirani bawuti ya pule ya kutsogolo ndi sipanala yaitali, muzigwedeza uku ndi uku. Osati kudumphira pa sipanala ayi. Lero isuntha ngati kukula kwa chikhadabo, mawa chala chathunthu. Ikazungulira kawiri konse popanda pogwira, ndiye mwapambana gawo lovuta. Ikakana patatha masabata awiri, chotsani hedi muone ndi maso.

Mpata wa mavalavu ukhale 0.30 mm injini ili yozizira, onse asanu ndi limodzi.

Za dizilo wakale musanyengerere. Khuthulani thanki yonse, muitsuke, chifukwa pansi pake pamakhala madzi ndi matope akuda amene amatseka mapaipi. Sinthani mafyuluta a dizilo, tsukani kagalasi kosungira zinyalala, thirani oyilo watsopano wa 15W-40 malita pafupifupi 6 pamodzi ndi fyuluta yake. Mu eyakilina mumapezeka zodabwitsa: zisa za makoswe, makoko a mtedza, nyumba zadothi za mavu. Zonsezi injini ikhoza kuzimeza. Makoswe omwewo amakhala atatafunanso mawaya, ndiye yang'anani waya aliyense musanaike batire.

Mainjekita akadali panja, zungulitsani ndi sitata masekondi 15, mupume miniti imodzi, mubwerezenso. Imani kumbali chifukwa zotsalira m'masilinda zimatuluka ngati mfuti. Cholinga n'choti oyilo akwere mpaka geji isunthe, mabering'i asanasenze katundu. Mukabwezera mainjekita, ikani mawashala amkuwa atsopano; akale amadontha.

Kuchotsa mphepo m'mapaipi a dizilo kumayambira pa fyuluta. Popani ndi kandodo ka pa lifiti pampu mpaka thovu lithe, kenako masulani tizibawuti tiwiri ta pa pampu ya CAV (yotumiza dizilo ku mainjekita), kapansi koyamba, kapamwamba pambuyo. Kandodo kakamangoyenda kopanda mphamvu, tembenuzani injini kamodzi kuti kamu yokankha lifiti pampu ichoke pamene yaima. Pomaliza masulani mapaipi a pa mainjekita, muzungulitse mpaka dizilo alavuke, mumange.

Chinthu chimodzi chimene amakaniko ena amachiiwala: valavu ya mkati mwa pampu ikhoza kukhala itakakamira potsegula. Zikatero injini imalira n'kumangokwera, chozimitsira osamvera. Chotsani paipi ya eyakilina, ndipo munthu wina aime pafupi ndi kathabwa kosalala koti atseke nako polowera mpweya. Kathabwa, osati dzanja kapena nsanza. Onetsetsaninso kuti giya ili pa nyutulo, pakuti kilachi ya thirakitala yokhalitsa imamatirira ku fulayiwilo, ndipo kuponda pedulo sikuthandiza.

Ikalira, utsi wa mphindi zoyamba usakuopseni, ndi ATF uja akupsa. Pakatha theka la ola m'pamene muziwerenga utsi. Wabuluu wosatha ndi maringi akutha kapena okakamirabe. Woyera wonunkha dizilo ndi injekita yosapopera bwino kapena silinda yopanda mphamvu. Thovu mu rediyeta ndi gasiketi ya hedi. Kapaipi kopumira ka m'mbali mwa injini kakamafuka ngati mbaula ya makala onyowa, konzekerani kuphwasula.

Pophwasulapo, hedi ipite kwa a makina ku Lilongwe akaione ngati sinapindike, pamodzi ndi kilankishafuti kuti akaiyeze musanagule mabering'i. Malayinala (mapaipi a m'silinda momwe pisitoni imayendamo) a injini iyi alipo amitundu iwiri, a kolomu ndi achitsulo wamba, ndipo maringi ake ndi osiyana. Gulani layinala, pisitoni ndi maringi ngati seti imodzi. Oyilo woyamba uja musinthe pakangotha maola ochepa a ntchito, chifukwa amakhala atatola dzimbiri ndi dizilo yense munathira m'masilinda.