Loweruka: samu zogawa ndi mwana amene amati ndi wouma mutu

Lero ndinadzuka m'mamawa chifukwa ndinalonjeza achemwali anga kuti ndikhala pansi ndi mwana wawo wamwamuna, amene ali mu Sitandade 8, kuti tione limodzi samu zimene zikumuvuta mayeso a MANEB asanafike. Tinayala mkeka pakhonde, iye ali ndi kope lake lopindika m'makona, ine ndili ndi kapu ya tiyi. Atalakwa samu yachiwiri anaika pensulo pansi n'kunena kuti, "Amalume, musadzivutitse, ine ndine wouma mutu, ngakhale anzanga amadziwa." Chimene chinandikhudza n'chakuti sanalankhule modandaula ayi, analankhula ngati munthu amene akutchula mtengo wa mchere pamsika.

Mawu otere sathera m'makutu. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene kamachenjeza munthu za zoopsa, ndipo kakadzidzimuka thupi limatulutsa timadzi monga cortisol, mtima n'kuyamba kugunda mofulumira. Mantha akakula, mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imasunga manambala m'mutu pamene munthu akuwerengera, siigwira bwino ntchito yake. Choncho mwana amene wayamba samu akudziuza kale kuti alephera amakhala ngati wapita kumunda atasenza mtolo wa nkhuni, khasu lili m'manja.

Apa ndiulule kuti poyamba ndinaphonya. Ndinamuuza kuti anene katatu kuti, "Ndine wanzeru," ndipo ananenadi, koma maso ali pansi, akumwetulira kumwetulira kwa mwana amene akungosangalatsa munthu wamkulu. Ndinakumbukira pamenepo kafukufuku amene Joanne Wood ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anafalitsa mu 2009. Iwo anapeza kuti anthu odzikayikira akamabwereza mawu odziyamikira amene sakuwakhulupirira, mtima wawo umalemera kuposa poyamba. Nanenso ndikuona kuti mtima wa munthu sunamizika mosavuta, chifukwa ukamva mawu otalikirana ndi zimene ukudziwa umayamba kusonkhanitsa umboni wowatsutsa.

Titamwa phala ndinasintha njira. Ndinamupempha kuti awerengere mokweza 816 kugawa ndi 8, kuti ndimve pamene phazi likuterera. Anati 8 amalowa kamodzi mwa 8, analemba 1, anatsitsa 1, ataona kuti 8 sangalowemo anangotsitsanso 6, n'kupeza 2. Yankho lake linali 12. Ndinamufunsa kuti 12 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati, anayankha msanga kuti 96, kenako anakhala chete akuyang'ana kope, mpaka anafuula yekha kuti, "Ziro! Ndinasiya ziro pakati!" Analemba 102, ndipo titabwerera m'masamba akale tinapeza kuti samu zambiri zimene aphunzitsi anazichonga mofiira zinagwera pa ziro yemweyo.

Sindinamuuze kuti ndi wanzeru, ngakhale kuti mawuwo anafika pamilomo. Mu 1998 akatswiri ofufuza za maganizo a anthu, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anaonetsa kuti ana amene amayamikiridwa chifukwa cha nzeru amakonda kusankha ntchito zosavuta ndipo amagwa ulesi akalephera, pamene ana oyamikiridwa chifukwa cha khama amalimbikira ngakhale zinthu zitavuta. Ndinangomuuza kuti wachita bwino kubwerera m'mbuyo n'kufufuza yekha cholakwikacho. Tinagwirizananso kuti kuyambira lero asamanene kuti ndi wouma mutu, koma azinena kuti amaiwala ziro, popeza mawu achiwiriwa ndi oona ndipo akuloza chinthu chimene angathe kuchikonza ndi pensulo.

Ndinamuphunzitsanso kadongosolo kena kamene Ethan Kross wa pa yunivesite ya Michigan ndi anzake anakafufuza mu 2014, kakuti munthu akamadzilankhula modzitchula dzina, ngati akulangiza mnzake, nkhawa imachepa. Anayesa monong'ona, akuseka kuti anthu amuyesa wamisala, komabe ndinamumva akudziuza kuti afatse ndipo ayang'ane ziro.

Madzulo achemwali atabwera kuchokera kuchigayo ndinawafotokozera zonse. Anayankha kuti, "Koma achimwene, ine ndikamati ndi wouma mutu ndimangomuseka, si mmene ankatinenera ifenso?" Sindinawatsutse, chifukwa ndimakumbukira bwino tsiku limene ndinanenedwa mbuli pamaso pa kalasi yonse, ndipo ndinatha chaka osakwezanso mkono. Anakhala chete akupeta ufa, kenako anafunsa kuti ziroyo ndi yotani, mwanayo n'kukhala pambali pawo kuwafotokozera ndi chala pa dothi.

Asanagone ndinamupatsa samu zisanu ndipo anakhoza zinayi. Yachisanu anailakwa chifukwa analemba kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54, choncho mawa tikachoka kutchalitchi tiyambira pa tebulo la 7.