Mmene ndimapangira kambale ka chida cha sikani

M'kati mwa chida chimene adokotala amayendetsa pamimba ya mayi woyembekezera muli kambale kopyapyala. Kakalandira magetsi kamanjenjemera n'kutulutsa mafunde osamveka ndi khutu, ndipo mafundewo akabwerera kamawasandutsanso magetsi. Kambale kameneka ndiye ntchito yanga.

Ndimayamba ndi chidutswa cha PZT, seramiki ya mtovu, zirconium ndi titanium. Payokha siyanjana ndi thupi: acoustic impedance yake, muyeso wa mmene chinthu chimakanira mafunde a phokoso, imaposa 30 MRayl pamene ya mnofu ndi pafupifupi 1.5, choncho mafunde ambiri amangobwerera pakhungu. Mankhwala ake ndi kuiphatikiza ndi epoxy, guluu wouma ngati pulasitiki, yofewa kuposa seramikiyo. Njirayi, yotchedwa dice-and-fill (kudula mizere n'kuidzaza), anaifalitsa Savakus, Klicker ndi Newnham a ku Penn State mu 1981.

Ndimamata chidutswacho pagalasi ndi phula, n'kudula mizere ndi macheka a dayamondi opyapyala kuposa tsitsi, madzi akuthira pampeni nthawi zonse. Sindidula mpaka pansi, ndimasiya tsinde logwira zonse. Madziwo satayidwa chisawawa, muli mtovu.

Ena amadula mizere yoyamba ndi yopingasa yomwe kamodzi. Ine ayi. Ndimadzaza kaye mizere yoyamba ndi epoxy, iume, kenaka n'kutembenuza madigiri 90 kudula yopingasa, chifukwa timizati ta seramiki totsala pakati pa mizere, tikakhala topanda chotigwira, timathyoka mpeni ukangodutsa. Timizatito tikhale totalika koma tochepa thupi. Tikanenepa timanjenjemeranso chammbali n'kusokoneza chithunzi.

Povuta penipeni ndi pa epoxy. Ndikasakaniza ndimaiika m'chotengera chopopa mpweya mpaka thovu lithe, kenaka ndimathira pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi kuti ilowe yokha m'mizere ikukankha mpweya patsogolo. Mukathira pamwamba ponse, kathovu kamatsekeredwa pansi, ndipo mudzakaona mutapala kale, ntchito yonse itapita m'madzi. Kuumitsanso sikufuna phuma: kutentha kukachuluka epoxy imakhwinyata n'kupinda kambale.

Ikauma ndimapala mbali zonse, tsinde lija lichoke, mpaka makulidwe akwane. Makulidwe ndiwo amalamula frequency, kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi: 5 MHz imafuna pafupifupi 0.3 mm. Pamwamba ndi pansi ndimakutapo chromium, kenaka golide.

Ngati kutentha kwafooketsa seramiki, ndimaimiza m'mafuta ofunda n'kuipatsa magetsi okwana 2 kV pa milimita iliyonse kuti mphamvu yake yonjenjemera ibwerere. Pomaliza ndimayeza pa impedance analyzer, makina oona mmene kambale kakulandirira magetsi. Coupling, muyeso wa mmene kambale kamasandutsira magetsi kukhala mafunde, ikachoka pa 0.5 ya PZT yokha n'kuyandikira 0.7, kambaleko kamapita kwa anzanga omata matching layer, kansalu kothandiza mafunde kulowa m'thupi.