Loweruka, tsiku losankha zotaya

Lero ndi tsiku lachitatu chipsereni nyumba yathu ku Mtendere. Ndikulemba ndili pamphasa kwa achemwali ku Kalingalinga, ndipo manja akununkhabe utsi ngakhale ndasamba kawiri.

Kwa inu amene simunamve, Lachitatu usiku magetsi atazima kandulo inagwera katani kuchipinda kwa ana. Tonse tinatuluka amoyo. Anansi anathamanga ndi zidebe za madzi ndi mchenga, moto n'kuzima utangonyambita denga la pabalaza. Koma utsi ndi madzi zinalowa paliponse.

M'mawa tinatulutsira katundu yense pabwalo n'kupanga milu itatu: zosunga, zotaya, ndi zokanganirana. Mulu wachitatuwu ndi umene unakula msanga.

Zinthu zimene zinada bii ndi zimene zapulumuka. Mapoto anali ngati makala, koma alamu atawakwecha ndi phulusa ndi mchenga anayamba kuwala. Mbaula nayo ingaope moto? Makina osokera a amayi lamba wake anasungunuka, koma titadontheza mafuta gudumu linazungulira bwinobwino, amayi n'kumwetulira koyamba chichokereni Lachitatu.

Zooneka zabwinozo ndi zimene zinandiliza. Matiresi athu sanapse ngakhale pangodya. Ndinawayanika padzuwa masiku awiri, lero ndayika mphuno, ndatsokomola mpaka misozi. Siponji ikamwa utsi wa mapulasitiki siubweza, ndipo mwana wanga wamng'ono ali kale ndi chifuwa chobanika. Matiresiwo apita kudzala. Mabotolo ake akumwera, makontena a shuga ndi mchere, onse anapindika pang'ono ndi kutentha, apitanso. Mankhwala a BP a amayi anali pawindo la chipinda cha ana chija. Mapilitsi akuoneka abwino, koma mankhwala otenthedwa sindingawakhulupirire, Lolemba tikatenga ena kukiliniki.

Nkhondo yeniyeni inali pa ufa. Thumba la makilogalamu 25, logula sabata ino, lotapako kamodzi kokha. Pansi linanyowa, pamwamba likununkha. Nditalikokera kumulu wotaya amayi anaimirira.

"Mwanawe, chakudya sichitayidwa. Waiwala 2024, chimanga chitapserera m'munda kwathu ku Katete?"

"Sindinaiwale amayi, koma tanunkhizani."

Anakana kununkhiza. Anati tisefe, tiyanike, nsima ikapsa fungo lithawa. Ndiye ndinakoleza mbaula ija, ndikuphika kaphala pang'ono m'kapoto, ndikuwapatsa supuni. Analawa, anakhala chete, kenako anatembenukira kumpanda n'kulavula. Sananenenso kanthu. Anangopita kukakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumamva ngati ndawalakwira, chikhalirecho ndinali ndi zifukwa.

Mapepala ndiye mwayi. NRC yanga, chitupa cha unzika, inali m'kachikwama kamene ndinathawa nako. Khadi la kusikelo la mwana linanyowa, ndaliyanika pamthunzi ndipo zolemba zikuwerengeka. Satifiketi ya Giredi 12 ya bambo a kunyumba yapsa mbali imene kunali dzina, moti poyambira ndi kupolisi kukatenga lipoti. Ngakhale chiduswa chopserera sindinataye, zonse zili mu envulopu imodzi.

Masana kunatulukira anyamata awiri ndi wilibala, ogula zitsulo zakutha. Sitinawaitane, kaya anamva fungo. Anatenga bedi la ana lopindika, fani, ndi mawaya. Ndalama yake ndi yongokwanira mayunifolomu awiri ngati ndikanenerere bwino ku Soweto Market. Zovala zina tikafufuza pa salaula, pang'onopang'ono.

Dzuwa likupendeka, pamulu wokanganirana panatsala chinthu chimodzi: sutikesi ya malemu bambo, ija anabwera nayo ku Lusaka ali mnyamata. Chivindikiro chinapsa theka, zipi anafa kalekale, m'kati mulibe kanthu koma fungo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, achemwali n'kunditsina pamkono. Amayi anaikulunga m'chitenje, n'kuisenza pamutu, ulendo wapansi mpaka ku Kalingalinga, osalola munthu kuwalandira.

Panopa ili apa kumutu kwanga. Chipinda chonse chikununkha utsi, ndipo palibe amene wadandaula.